Bokosi la Mkazi Mmodzi

"Bwelezanso, Manasseh, mwina makutu anga ayamba kukalamba," anatero Eness, khasu lili paphewa.

"Ndakamba kuti khasu libwelele kumene mwalitenga, amama aang'ono. Nshawa zija simukumba."

"Anabzala ndani? Anapalila ndani, iwe ukuzungulila ku boma?"

"Mbewu ndi ya kampani. Munda ndi wa adada. Ndipo adada akatseka maso..."

"Usamalize, mwana iwe. Munthu akali kupuma m'nyumbamo."

"Chakudza sichiyimba ng'oma. Ndikukuuzani dzuwa likalipo kuti musadzati sitinakambe. M'foni ya adada muli dzina limodzi la mkazi, ndipo dzinalo ndi Lucia Zimba, amama anga. Inu mulibemo."

Belinda anamva zonsezi ali pachipata, fumbi la njinga yamoto yomwe inamutula lisanakhazikike. Anachoka ku Lusaka atamva kuti bambo ake, a Whiteson Zgambo, agwa m'khola la ng'ombe, mbali yakumanja yauma ndipo pakamwa papotoka. Njira yonse ankaopa kupeza maliro. Sankayembekeza kupeza amayi ake ataima pabwalo ngati mwana wogwidwa akuba shuga, pamaso pa mwana wa mkazi mnzawo.

"Eya, wafika mwini makina," anatero Manasseh, osapereka ndi moni womwe. "Mufunseni mwana wanu ngati ndikunama."

"Monile, adumbu," Belinda anapereka moni kwa mlongo wakeyo motsitsa mawu. "Ndiyambe ndaona adada."

"Yamba wayankha. Mlimi akamwalila, munda upita kwa ndani?"

"Kwa mkazi wake."

"Mkazi uti?"

Belinda anayang'ana pansi. Yankho ankalidziwa kuposa munthu aliyense m'dziko muno.

Ntchito yake inali yovuta kuifotokoza kumudzi. Eness ankangouza anzake kumjigo kuti mwana wake amaphunzitsa makompyuta ntchito, ndipo sankalakwitsa kwenikweni. Kampani ina yogula mtedza, womwe kwawo amati nshawa, yomwe imapatsa alimi a ku Magodi mbewu n'kudzagula zokolola, inatopa ndi mabuku n'kupempha ofesi ya a Belinda kuti iwapangire sisitimu. Asanalembe pulogalamu iliyonse, wina amayenera kukhala pansi n'kujambula mmene ntchito imayendera: mlimi amalembetsa bwanji, munda umayezedwa bwanji, mbewu amalandira ndani, mwini munda akamwalira zimatha bwanji. Chinthu chilichonse chimapatsidwa bokosi lake, ndipo mizere imalumikiza mabokosiwo. Wojambulayo anali Belinda.

Lamulo loti munda ndi mgwirizano wake zizipita kwa mkazi wamasiye, osati kwa abale olanda chuma, analiganiza yekha, ndipo mabwana anamuwombera m'manja. Kenako mnyamata wina wolemba mapulogalamu anafunsa, cholembera chili pamzere wochoka pa bokosi la mlimi, kuti kodi mlimi mmodzi akhale ndi mkazi mmodzi kapena angapo. Chipinda chonse chinaseka. Wina anati zimenezo zinatha ndi agogo athu. Onse anatembenukira kwa Belinda, poti ndiye wakum'mawa. Mtsikana amene ku Lusaka ankayimba kwaya, amene sanauzepo munthu kuti amayi ake ndi mkazi wachiwiri, anaseka nawo n'kunena kuti mmodzi. Manyazi a m'tauni ndi otero, amakunenetsa bodza usanaganize n'komwe.

Tsono olembetsa alimi atafika kumudzi nthawi yobzala, anayenda ndi makina awo kuzungulira malo onse a Whiteson, munda wa nyumba yaikulu ndi wa nyumba yaing'ono pamodzi, n'kuupatsa nambala imodzi. Atafunsa dzina la mkazi, a Whiteson, munthu woopa phokoso moyo wawo wonse, anatchula mkazi wamkulu n'kukhala chete osauza aliyense.

M'mawa mwake Belinda anakwera pachulu cha kuseri kwa khola, pomwe foni imagwira bwino, n'kuyimbira bwana wake Gerald.

"Bwana, mzele wa mlimi ndi mkazi tinalakwitsa. Uyenela kulola akazi angapo, aliyense ndi munda wake."

"Belinda, mvela," anatero Gerald. Ankamveka kuti akutafuna kanthu. "Uja mzele ukaugwila, vonse vigwedezeka. Kulandila mbewu, kugula, malipoti, mameseji. Uziba wekha, ndiwe unajambula. Msika utseguka mwezi wamawa, manje ufuna tiphwasule nyumba alendo ali pakhomo?"

"Anthu alandidwa minda, bwana."

"Mabanja otele ni angati? Ni ochepa. Tizaika mu gawo yachiwili, msika ukatha."

Ali pachulupo Belinda ankaona mudzi wonse, ndipo makomo okhala ndi makhitchini awiri anali osasowa. Anafuna kunena kuti limodzi ndi la kwawo, koma lilime linakana.

"Ndipo nikuuze," Gerald anapitiriza, "usayese kungena mkati kusintha dzina ya munthu. Sisitimu ilemba aliyense wagwila. Ija ni jele, osati chabe kuchotsedwa nchito."

Anatsika pachulu. Anapeza amayi ake atakhala kuseri kwa nkhokwe akusenda chinangwa, maso ali kunjira yakumunda.

"Akuti bwanji abwana ako?"

"Akuti akonza msika ukatha."

"Nshawa sizilinda bwana, mwana wanga. Zikakhala m'nthaka zimela, zikapanda kumela chiswe chidya." Anatsitsa mawu. "Manasseh wakamba kale ndi munthu wa fodya wofuna munda. Akuti munda wanga ndiwo uli pafupi ndi madzi. Adada ako akapita, ine ndipita kuti? Ng'ombe za malowolo anga zinadyedwa iwe usanabadwe. Kwathu ku Lukusuzi kunatsala njovu ndi manda."

"Ndikhoza kuchotsa dzina la amama aakulu n'kuika lanu," Belinda ananong'ona. "Njila ndiidziwa."

Eness anasiya mpeni. "Ndiye aNyaZimba apite kuti? Anakubeleka kumsana iwe pamene ine ndinadwala chaka chonse. Choipa chitsata mwini. Yayi, funa njila ina."

Njira ina inalipo, koma inali ndi minga. Belinda anayesa kulembetsa amayi ake ngati mlimi payekha pa tabuleti ya kuntchito yomwe anabwera nayo. Tabuleti inakana, inati munda umenewu uli mkati mwa munda wa mlimi wina. Lamulo limeneli analiika yekhanso, pofuna kutseka anthu olembetsa minda yabodza. Kuti munda ugawidwe pawiri, mwiniwake amayenera kuvomereza podinda chala chake chachikulu chakumanja pa kagalasi ka makina, chala chomwecho chimene anadinda polembetsa.

Anadikira masiku angapo, mpaka tsiku lina masana Manasseh atapita kukamwetsa ng'ombe. Anapeza Lucia akumwetsa mwamuna wake phala ndi sipuni, akupukuta lomwe linkatayikira kutsaya lakufa.

"Odi, amama."

"Lowa, Belinda." Lucia anaona tabuletiyo n'kuusa moyo. Anali mayi wowonda, wotopa, amene maondo anasiya kalekale kumumvera. "Ndadziwa chimene wabwelela. Ine bokosi lija la dzina la mkazi sindinapemphe. Munda wanga ukundikanika kale, wa amako, NyaMvula, ndiutani?"

"Ndiye muuzeni Manasseh."

"Mwana amene unamubala akayamba kukuyang'ana ngati chitseko chotsekeleza njila, umakhala chete. Dzana anaphwanya mpando chifukwa ndinati adikile adada ake achile. Chita msanga, ine sindinaone kanthu." Anatenga mbale n'kutuluka.

Belinda anagwada pafupi ndi mphasa. Bambo ake anali atachepa, munthu amene kale ankagwetsa ng'ombe yamphongo yekha.

"Adada, ndine Belinda. Munda wa amama unalowa m'nambala yanu. Mukalola, tiugawe kuti aliyense akhale ndi wake, monga mmene munawapatsila. Mwalola?"

Diso lakumanzere linadzaza misozi. Anayesa kulankhula, kunangotuluka mpweya. Kenako anagwedeza mutu pang'ono, n'kukweza dzanja lamanzere.

"Osati ilo, adada. Makina adziwa lakumanja."

Dzanja lakumanja linali lolemera ndi lozizira, zala zitapindikira mkati. Anatambasula chala chachikulu n'kuchigoneka pa kagalasi. Kagalasiko kanayaka mofiira, kanakana. Anapukuta chalacho ndi chitenje chake n'kuyesanso. Kanayakanso mofiira. Ankayesa kachitatu pamene kuwala kwa pakhomo kunatsekeka.

"Ukuwatani adada?"

Manasseh sanali yekha. Kumbuyo kwake kunali amuna awiri amene ankamwetsa nawo ng'ombe, ndipo onse anaona chimodzimodzi: mwana wa mkazi wamng'ono atagwira dzanja lakufa la bambo ake pa chinthu chowala ngati magazi.

"Ndi chala chabe, adumbu. Adada alola."

"Alola ndi pakamwa pati? Munthu sakamba, iwe ukuti walola?" Anatembenukira kwa anzake. "Mwaona nokha. Munthu anagwa ali bwinobwino, osadwala ndi mutu womwe. Tinkadabwa. Manje wabwela kudzamalizitsa zimene anayamba amake."

"Musakambe zotelo, chonde. Mudziwa zimene anthu amachita akamva mawu amenewo."

"Ndidziwa," anatero Manasseh mofatsa, ndipo kufatsako n'kumene kunamuopsa Belinda. "Pali utsi pali moto. Tuluka. Ukapondanso m'nyumba muno sindidzakamba ndi pakamwa."

Mphekesera kumudzi siifuna njinga. Pofika Lamlungu, amayi a kumjigo ankachotsa zidebe zawo Eness akafika, ngati akumupatsa malo, koma palibe ankayankha moni wake. Ana amene ankabwera kudzapempha mtedza wokazinga anasiya kudutsa pakhomo. Kutchalitchi benchi yomwe anakhala awiriwo inatsala yopanda munthu. Tsiku lina anadzuka n'kupeza miyala itatsakamira padenga la khitchini, ndi nkhuku ya Eness itapotoledwa khosi pakhomo. Belinda ankadzidzimuka ndi chilichonse, ngakhale mbuzi ikakhudza chitseko. Ankadziwa za gogo wina wa mudzi woyandikana amene anamuwotchera nyumba chaka chathacho, nkhani yake itayambanso ndi mawu ochepa ngati omwewa.

"Tiyeni ku Lusaka, amama. Lelo lomwe."

"Ndikathawa mwamuna wanga ali pamphasa, ndiye kuti ndavomela. Pita iwe."

Sanapite. Analembera Gerald meseji yaitali, nthawi ino n'kunena zoona kuti banjalo ndi la kwawo. Gerald anayankha mwachifundo ndithu, anati pepa, nkhaniyi aika pamwamba pa zonse za gawo lachiwiri. Kumunda masamba a mtedza anayamba kuda n'kuyoyoka.

A Whiteson anamwalira sabata yachitatu, dzuwa likupendeka. Eness anamva ndi kulira kwa Lucia, chifukwa sankaloledwanso kulowa. Pamaliro anamukhazika kumapeto kwa mphasa, ndipo akalira, amayi ena ankatsinana. Chimene chinaletsa zoipa kuchitika chinali kubwera kwa ankhazi, a Cathrine, mlongo wamkulu wa malemu, amene anachokera ku Mwase ndi ndodo yawo. Atafika anakhala pakati pa amasiye awiriwo n'kugwira aliyense dzanja, maso ali pa Manasseh.

Tsiku lotsatira kuika maliro, abale anakhala pansi pa mtengo wa mango kuti akambe za pakhomo. Ankhazi sanazungulire.

"Za ufiti sindifuna kumva. Adada athu anagwa chimodzimodzi, ndipo kunalibe makina. Wakamba za ufiti akambe ndi ine." Palibe anatsokomola. "Manje za minda. Mwambo wathu ngodziwika. Nyumba iliyonse ili ndi munda wake ndi nkhokwe yake. Mwamuna akafa, mkazi amene analowoledwa sachoka, alima pomwe ankalima mpaka naye atagona. Wa NyaZimba ndi wa NyaZimba, wa NyaMvula ndi wa NyaMvula. Ndani atsutsa?"

Belinda anatembenuka. Anayang'ana amayi ake, amene kwa nthawi yoyamba m'masabata onsewa anakweza mutu.

"Sinditsutsa ine, ankhazi," anatero Manasseh, akutulutsa foni ya malemu m'thumba. "Ndinakauza a kampani za malilo tsiku lomwelo, monga lamulo lawo likamba. Yankho labwela m'mawa uno." Anawerenga pang'onopang'ono, kuti aliyense amve. "Pepani chifukwa cha imfa ya a Whiteson Zgambo. Kuti banja lisavutike, munda wonse ndi mgwirizano wake zapita kwa mkazi wawo, Lucia Zimba. Palibe wina aliyense amene ali ndi ufulu wokolola kapena kugulitsa."

Mawu amenewo Belinda anawalemba yekha, masana ena ku ofesi, akumwa tiyi. Chiganizo chomalizacho anachiwonjezera poganizira alamu olanda chuma, ndipo anakondwa nacho.

"Foni si mbale wathu," anatero ankhazi. "Siinadye nawo malowolo."

"Zoona. Koma mbewu ili m'nthakayo ndi ya kampani. Wokumba wopanda dzina ndi wakuba, ndipo kampani siibwela kuno pansi pa mango, imapita kupolisi. Chaka chamawa mbewu apatsa amama anga, munda wonse. Amama maondo anatha, ndiye ndiwalimila ine. Kapena ndanama, amama?"

Lucia anayang'ana mwana wake, n'kuyang'ana mkazi mnzake. Kenako anakoka chitenje n'kudziphimba kumaso.

Ankhazi anatembenukira kwa Belinda. "Iwe ndiwe udziwa zinthu zimenezi. Akamba zoona?"

"Enya, ankhazi," Belinda anavomera.

"Sizingabwezedwe?"

"Chala cha adada ndicho chikanagawa munda. Manje chingagawe ndi cha amama aakulu, ngati..." Anayang'ana Manasseh, amene ankamwetulira, ndi Lucia, amene sanachotse chitenje kumaso. Sanamalize.

"Ndifunseko," anatero ankhazi, akugogoda ndodo pansi. "Makina sanabadwile kuno. Sadziwa kuti Whiteson anali ndi nyumba zingati. Pali munthu anawauza kuti mwamuna amakhala ndi mkazi mmodzi. Mzungu?"

"Yayi."

"Wa ku Lusaka, amene sanaonepo mudzi?"

Belinda akanatha kunena kuti inde, ndipo palibe akanadziwa. Koma ankhazi ankamuyang'ana ndi maso a bambo ake.

"Ndine, ankhazi. Anandifunsa ine."

Manasseh anaseka pang'ono, n'kusiya ataona kuti akuseka yekha.

"Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu," anatero ankhazi pomaliza, mawu atatha mphamvu. "Ife tinali ndi njila yathu, yokhota koma yofika. Inu mwabwela ndi yowongoka." Anadzuka movutikira. "Ndipita ku boma ndikaonane nawo a kampaniwo. Koma ndikudziwa, akandiuza kuti makina akana."

Anthu anabalalika mmodzimmodzi. Eness sanalire, sanayang'anenso mwana wake. Ananyamuka n'kulowera njira yakumunda, Belinda n'kumutsatira chapatali, akuopa kuyandikira, akuopanso kumusiya yekha. Atafika m'malire Eness anaima. Sanaponde mzere ndi umodzi womwe. Anangoyang'ana mtedza wake, umene m'malo ena unali utayamba kale kumera m'nthaka, timasamba tatsopano titatulukira pakati pa zouma.

"Amama, ndikonza. Ndikapita ku Lusaka sindigona mpaka mzele uja usinthe. Ngakhale andichotse nchito."

"Ukonzele ena. Alipo ambili." Eness ankalankhula osatembenuka. "Ine ndinkauza anthu kumjigo kuti mwana wanga ali m'chipinda momwe amapanga zinthu, ndiye ife sitingaiwalike."

"Ndinachita manyazi, amama. Onse ankaseka."

"Ndamva." Kenako anatembenuka. Nkhope yake inalibe mkwiyo, ndipo Belinda akanakonda mkwiyo. "Ndifunse chimodzi chabe. Pamene anakufunsa kuti mwamuna ali ndi akazi angati, iwe n'kuti mmodzi, m'mutu mwako munali munthu. Mmodziyo anali ndani? Ine, kapena aNyaZimba amene anavala chovala choyela kutchalitchi?"

Belinda anatsegula pakamwa. Eness anakweza dzanja msangamsanga.

"Yayi, usayankhe," anatero. "Miyala ya padenga ndinapilila. Ichi ndikuopa kumva."